Nanga telala asoke mtundu wanji?

A Mkonzi,

Ndiloleni nanenso ndilankhuleko m'nyuzipepala yathuyi, ngakhale dzanja langa linazolowera sizasi osati cholembera. Ndine telala. Makina anga a Singer ndinawakhazika pakhonde la golosale ina ku Ndirande mu 1988, ndipo mpaka lero ndikuwapalasabe ndi mapazi omwewa. Amene atopa ndi maso, moti ulusi pasingano amandilowetsera ndi mdzukulu wanga akaweruka kusukulu. Chandigwiritsa cholembera lero ndi nsalu ya mamita 12 imene yakhala ikundiyang'ana m'kabati kuyambira mu Ogasiti 2025.

Mayi ena amene ndawasokera kwa zaka zambiri anabwera kudzandiuza kuti mwana wawo wapeza banja, chinkhoswe chayandikira, ndipo akuchikazi akufuna kudzavala zofanana. Tinakwera minibasi limodzi mpaka ku Limbe. Tinalowa sitolo iyi n'kutuluka, kulowa iyo n'kutuluka, dzuwa lili paliwombo, mpaka tinapeza nsalu imene tonse awiri tinangoyang'anana n'kuti, "Eya, ndi imeneyi." Ndalama zawo zinaperewera, ine n'kuthirapo zanga poti ndi munthu wodziwana naye. Usiku womwewo ndinalemba ndi choko, m'mawa mwake n'kudula madiresi awiri. Tsiku lachitatu mayi aja anatulukira nkhope itagwa, n'kukhala pabenchi kwa kanthawi osanena kanthu. Kenaka anati, "Amayi, akuchimuna akana. Akuti tikalowa pabwalo titavala zimenezi anthu aziyesa msonkhano wachipani. Malume ake a mnyamata anenetsa kuti zikatero iwo sakhala nawo."

Simundimva ndikutchula mtundu wa nsaluyo. Ndikangoutchula, ena mwa owerenga anu ati mayiyu ndi wa auje, ena ati akunyoza auje. Dandaulo langa lonse lagona pomwepo. Nsalu yopanda nkhope ya munthu, yopanda chilembo, yopanda tambala, chimanga kapena manja ogwirana, nsalu ya timaluwa chabe, yasanduka khadi la chipani.

Ine mitunduyi ndaiona ikuchoka patebulo langa umodziumodzi ngati anapiye pakhomo pamene kabawi wazolowera. Wakuda, wofiira ndi wobiriwira tinaipeza kale ili ndi Kongeresi ndiponso pambendera. A msinkhu wanga akukumbukira kuti malaya ofiira pachipata cha msika ankatanthauza ayufi ofunsa khadi, moti mayi anga ankati kusokera mwana wamwamuna shati yofiira n'kumuputira nkhani. Kenaka inadza riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ija ya nyali ndi tambala, ndipo pofika chisankho cha 1994 kuno ku Ndirande kunali chikasu chokhachokha cha UDF ya a Bakili Muluzi. Chikasu chinapita chotero. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika atayambitsa DPP, buluu anapita. Mu 2011 a Joyce Banda ndi PP yawo anatenga olenji, amene ine ndinkakonda kuika m'mphepete mwa timadiresi ta ana. Mu 2018 UTM ya malemu a Saulos Chilima inadzavala zofiira. Onjezanipo zampira. Mumzinda muno Bullets ndi yofiira, Wanderers ya ku Lali Lubani ndi yabuluu, ndipo tsiku loti zikumana pa Kamuzu Stadium malemu amuna anga, Maule weniweni, sankalola ngakhale kapu yabuluu kuti ifike patebulo. Nawo amafoni anatipakira magolosale, awa psuu a Airtel, awa biriwiri a TNM. Telala watsala ndi pinki ndi pepo. Pepoyonso Akatolika amamufuna pa Lenti, ndipo mwezi wa Okutobala mitengo ya jakaranda imamumwaza ulere m'misewu ya m'tauni.

Sindikuimba mlandu chipani chilichonse. Gulu lililonse limafuna chizindikiro, ndipo gogo wosadziwa kuwerenga amathandizika akaona mtundu ali patali. Timu yampira singalowe m'bwalo aliyense atavala zake. Mlandu uli ndi ife amene sitithanso kuona nsalu osaonamo chipani. Ine ndemwe ndinakuwizidwapo pasiteji ya minibasi nthawi ya kampeni chifukwa cha mpango umene ndinaugula pakaunjika zaka zingapo chipani cha mtundu umenewo chisanabadwe. Anyamata a msinkhu wa ana anga ankandiimbira nyimbo zachipongwe, ine ndili ndi thumba la mazipi ndi mabatani m'manja. Ndinauvula mpango uja n'kuupinda m'chikwama. Mayi wamkulu ngati ine kuyenda mutu uli pamtunda chifukwa choopa ana!

Funso limene ndimafunsa kambirimbiri patsiku ndi lakuti, "Mukufuna mtundu wanji?" Koma taganizani za liwu limeneli, a Mkonzi. Nsalu ili ndi mtundu. Nyemba zili ndi mitundu. Munthunso ali ndi mtundu, kaya ndi Mlomwe, Myao, Mngoni, Msena, Mmang'anja, Mtumbuka, Mtonga kapena Mchewa, ndipo tonse pamodzi timatchedwanso mtundu wa Amalawi. Tsiku lina kunabwera bambo ena achikulire, ovutika kumva, kudzasoketsa thalauza. Nditawafunsa kuti, "Mtundu wanji, bambo?" iwo anandiyang'ana mokwiya nati, "Ndine Mlomwe. Nanga zikukhudzana bwanji ndi thalauza?" Tinaseka pakhonde ponse, iwonso anadzaseka atamvetsa. Nthawi imeneyo inali nthabwala. Masiku ano sindisekanso kwenikweni, chifukwa mitundu iwiri ija yalumikizana ndithu m'mitu mwathu. Munthu akaona mpango amaganiza chipani, akaganiza chipani amaganiza chigawo, akaganiza chigawo wadziwa kale, m'maganizo mwake, kumene agogo ako anaikidwa. Malume aja anakana chinkhoswe sanali kukana ulusi ayi. Anali kuopa kuti anzawo aziti mphwawo wakwatira kwa anthu a mbali ina.

Atsikana a masiku ano akamakonza ukwati amanditumizira zithunzi pa WhatsApp. Uyu akufuna pichi ndi golide, uyu maruni ndi kirimu, wina anandiuza dzina la mtundu limene ndinalephera ngakhale kulibwereza. Foni yake imaonetsa mwina, yanga mwina, nsalu ya ku Limbe n'kukhalanso ina, ndiye mkangano wake umakhala wa telala. Mmodzi mwa iwo, wophunzira bwino ndithu, anandiuza kuti Chichewa n'chosauka, chili ndi mitundu itatu yokha: woyera, wakuda ndi wofiira. Ndinakhala chete poti kasitomala sakangana naye tepi ili m'khosi, koma pano ndimuyankha.

Agogo anga, Amang'anja a ku Chikwawa, sanasowepo mawu ofotokozera nsalu. Ankati iyi ndi yonga mtambo, iyi yonga msipu wa mvula yoyamba, iyi yonga phulusa, iyi yonga katondo, iyi ya mawanga a nkhanga. Akafuna kutsindika ankati yayera mbee, yada bii, yafiira psuu, yatuwa mbuu, yabiriwira biriwiri, ndipo wakumva ankaiona nsaluyo asanaigwire. Koma chimene ndazindikira nditakalamba pamakinawa n'chakuti m'Chichewa mtundu ndi chinthu chimene chimachitika. Mango amafiira. Kunja kumada, kenaka kumayera. Chimanga chimabiriwira mvula ikagwa. Mwana wosadzola mafuta mwezi wa Juni amatuwa, akadzola kutuwa kuja kwatha. Kuyera, kuda, kufiira, kubiriwira, kutuwa, zonsezi zimabwera n'kupita ngati nyengo. Tayesani kutero ndi mitundu yobwerekayi. Simunganene kuti kunja kwabuluwa, kapena kuti papaya wayelowa. Mawu obwerekawa sayenda, amangomatirira pachinthu ngati chikwangwani. Ndipo onani, ndi omwewa amene tikumatana pamphumi. Tikati auje ndi abuluu, auje ndi ayelo, auje ndi aolenji, tawamata chikwangwani chosachoka ngakhale ndi sopo.

Chinanso, mtundu uliwonse wa makolo unkasenza matanthauzo angapo, ena okoma ena owawa, popanda kukangana. Tengani kuda. Zoona, timada nkhawa. Munthu akatilakwira kukhosi kumada. Zovala zikada timachapa. Njala timaitchula kuti galu wakuda, ndipo mayi anga ankasimba za galu wakuda wa 1949 amene anasautsa anthu konkuno ku Blantyre, mbali za ku Lunzu, pamene ife tinadzamuona ndi maso athu mu 2002. Koma agogo anga aja ankatiuzanso kuti chilala chikavuta, nsalu yopita nayo kukachisi wa Mbona ku Khulubvi, ku Nsanje, inali yakuda, biriwita, chifukwa mtambo wobweretsa mvula ndi wakuda. Mlimi wa kuchigwa akaona kumwamba kwada bii mwezi wa Disembala mtima wake umakhala pansi. Dothi la makande, lija limamera thonje ndi mapira, ndi lakuda. Mphika umene wadyetsa banja zaka khumi ndi wakuda. Kuda komweko kunali njala, kunalinso mvula yothetsa njalayo, ndipo palibe amene ankasokonezeka.

Kufiira nakonso. Magazi ndi ofiira, koma phwetekere wakupsa ndi wofiiranso, njerwa zootcha bwino ngati zija za tchalitchi cha St Michael and All Angels, zimene zaima kuyambira 1891, n'zofiira, ndipo moto umene unatipatsa dzina la dziko ndi wofiira. Chimandiwawa n'chakuti pa matanthauzo onsewa ena anasankhapo limodzi lokha n'kumalozera nalo agogo. Mayi amene waphika pamafuwa zaka 60, utsi wa nkhuni zaziwisi ukumulowa m'maso m'mawa ndi madzulo, maso akewo angalephere bwanji kufiira? Ndiye adzukulu ake omwe anawaphikirawo n'kumati ndi mfiti, taonani maso akewo. Lamulo loletsa kutchula munthu mfiti lilipo kuyambira 1911, koma agogo akuthamangitsidwabe m'midzi. Ngakhale chikasu chili pawiri: ndi muzu wopaka utoto wokongola, ndiponso ndi dzina la matenda aja amasintha maso a mwana wakhanda.

Tsono ndifike pa kuyera, chifukwa apa ndi pamene pandipweteka kwambiri kuposa ndalama zanga zinapita ku Limbe zija. Kuyera tinakusenzetsa zabwino zokhazokha. Mbale yotsukidwa yayera. Mtima wabwino ndi woyera. Kutchalitchi timapemphera kwa Mzimu Woyera. Zinthu zikatikomera timati kukhosi kwayera. Chilungamo timachinena poyera. Mlendo wolemekezeka timamuphikira nsima ya ufa woyera, mgaiwa n'kubisa, ngakhale a zaumoyo amatiuza tsiku ndi tsiku kuti mgaiwa ndiwo uli ndi chakudya chokwanira chifukwa gaga sanachotsedwe. Ndiye liwu lomweli n'kulitenga kukaliika pakhungu la munthu. Mwana uyu ndi woyera, uyu ndi wakuda. Mwana wa zaka zisanu amene m'mawa wauzidwa kuti, "Pita ukasambe, wada," masana n'kumva alendo akunena kuti, "Koma uyu ndiye wakuda, sanatengere mayi ake," mukuganiza kuti m'mutu mwake amasiyanitsa?

Telala amaona zimene ena saona. Poyeza khosi, msana, m'khwapa ndi m'chiuno, munthu amakhala pafupi nane kuposa mmene amakhalira ndi mnzake wa pabenchi kutchalitchi. Ndayeza atsikana ambiri a nkhope yowala ngati Fanta, koma mfundo za zala zili bii, m'khosi muli zigamba ngati nsalu yosuluka mbali imodzi, pamapewa khungu litapyapyala moti mitsempha ikuonekera. Ndi mafuta oyeretsa khungu aja amagulitsidwa m'misika, ena m'timabotolo topanda ngakhale dzina. Ena mwa mafutawa amakhala ndi hydroquinone, ena mercury amene amawononga impso, ena mankhwala amphamvu amene dokotala yekha ndiye ayenera kulembera munthu wodwala khungu. Akangosiya kudzola, khungu limada kuposa kale, ndiye amapitiriza. Wina anandipempha kuti diresi lake laukwati ndilisokere manja aatali ndi kolala yofika kuchibwano, mwezi wa Novembala, kutentha kuli ng'aning'ani, n'cholinga chobisa zimene mafuta anamuchita. Ndinasoka, nanga n'kutani, koma ndinasoka mtima ukuwawa.

Ndipo pafupifupi sabata iliyonse pamabwera mtsikana amene amaigwira nsalu yowala, kuisisita, maso ake akuonetseratu kuti waikonda, kenaka n'kuibweza. "Singandikhale, amayi, ndine wakuda kwambiri." Ndani anakuuza? Ine zaka zonsezi ndaona kuti palibe khungu limene limanyamula chikasu, olenji kapena zoyera mokoma kuposa lakuda bii. Ndimamuimika pagalasi, n'kumukoleka nsaluyo paphewa, n'kumuuza kuti adziyang'ane yekha. Ena amamwetulira n'kuitenga. Ena amaibwezabe, n'kusankha yotuwa kuti asaoneke. Tsono taonani kuphatikizana kwa mavuto: mtsikana ameneyu ndikamugonjetsa pa nkhani ya khungu, pamatsala nkhani ya chipani. Nsalu yomwe yamukhala bwino ija bambo ake kunyumba salola kuti ilowe.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lomweli limene atsikana akudziotcha kuti ayere ndi limenenso lakhala likusaka anthu a khungu lachialubino ngati nyama. Kuyambira cha mu 2014 tamva za ana obedwa usiku, manda ofukulidwa, anthu ophedwa chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Pali mnyamata wina wa m'dera lathu lino amene ndimamusokera yunifomu ya manja aatali ndi chipewa cha khonde lalikulu chaka ndi chaka, chifukwa dzuwa limamuotcha mpaka zilonda, ndipo zilonda zotere zikalekereredwa zimasanduka khansa. Mayi ake amamuperekeza kusukulu ndi kukamutenga ngakhale pano ndi wamtali kuwaposa. Tsiku limene a Overstone Kondowe anapambana pachisankho chachibwereza ku Nkhotakota mu 2021 n'kukhala phungu woyamba wachialubino m'dziko muno, mayi aja anabwera pakhonde panga ndi wailesi m'manja, misozi ili m'masaya, osatha kulankhula. Ndiye kuyeraku tikukufuna kapena tikukuda? Tikufuna kuyera kogula m'botolo, kobadwa nako tikukuthamangitsa ndi zikwanje.

Makolo athu ngakhale mzungu sanamutchule ndi mtundu wa khungu. Anangoti mzungu. Ndipo atafuna kumujambula m'gule wamkulu, Simoni anamupatsa nkhope yofiira, poti ndi mmene ankamuonera dzuwa la kuno likamuwamba. Zoti iye ndi woyera ife ndife akuda tinachita kuuzidwa, ndipo tinazilandira m'chilankhulo chimene kuyera ndi kupatulika, kuda ndi litsiro. Amene anamasulira mawu amenewa koyamba mwina sanaganize kuti adzafika pagalasi la telala wa ku Ndirande.

Wina anganene kuti mayiyu wasowa chochita, mitundu ndi nkhani yaing'ono dziko lili pamavuto a mafuta agalimoto, feteleza ndi kukwera mtengo kwa chimanga. Akumbukire za mbendera. Imene inakwezedwa pa 6 Julaye 1964 ili ndi wakuda pamwamba, kuimira anthu a mu Africa, wofiira pakati, kuimira magazi a amene anafera ufulu, wobiriwira pansi, kuimira chonde cha dziko, ndi dzuwa lofiira lotuluka la timizere 31. Mu 2010 boma linaisintha: wofiira anakwera pamwamba, wakuda n'kubwera pakati, dzuwa n'kukhala lathunthu, loyera. Mitundu itatu ija inali yomweyo, anangoisinthanitsa malo, koma munamva mmene dziko linasokosera, m'mawailesi, m'maminibasi, ngakhale m'maliro. Mu 2012 aphungu anabwezeretsa yakale ija. Ine ndinasokapo timbendera ta ana asukulu a mkaka nthawi zonse ziwiri, ndipo ndikuuzeni kuti kudula timizere 31 ndi sizasi yobuntha si ntchito yamasewera. Anthu amene anakangana zaka ziwiri chifukwa cha malo a mzere wakuda sangandiuze kuti mtundu ndi nkhani yachabe.

Pali chovala chimodzi chimene palibe anandibwezerapo: bulauzi yoyera ya amayi a Mvano, ndi siketi yakuda, ndi mpango woyera. Mitundu iwiri ija timaikanganitsa pakhungu, pathupi la mayi wa Mvano imakhala limodzi mwamtendere. Amene anaferedwapo akudziwa mmene mtima umachitira m'nyumba ya siwa, usiku utatalika, ukangoona zoyera zija zikulowa pakhomo ndi nyimbo. Sufunsa kuti mayiyu amavotera ndani. Pamzere umodzi pamakhala wa chipani ichi ndi wa chipani icho, wa Maule ndi wa Manoma, onse mbee.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, mzinda wonse unasanduka mtundu umodzi, wa matope. Patapita milungu ingapo kunabwera mayi ena amene anasamukira kwa achibale awo kuno ku Ndirande. Anatulutsa m'jumbo bulauzi ya Mvano imene anaifukula pamene panali nyumba yawo. Anali ataichapa kasanu, kuiviika m'jiki, kuiyanika padzuwa, koma katondo akalowa m'nsalu yoyera satuluka. Inali yofiirira ngati tiyi wamkaka wochepa. Anati ndiwasokere ina pa muyeso womwewo. Nditamaliza ndinawafunsa ngati yakaleyo ndiidule zigamba. Anailanda m'manja mwanga msangamsanga n'kuipinda bwinobwino, nati imeneyo aisunga, poti ndi chokhacho chimene chinatsala cha m'nyumba muja. Sanandiuze kuti m'nyumbamo munali ndani, inenso sindinafunse. Kuyambira pamenepo nsalu ya mtundu wa katondo ndimaisoka mwakachetechete, wailesi nditazimitsa. Palibe chipani chimene chinandiphunzitsa zimenezo. Mtundu umalowa mumtima mwa munthu m'njira yakeyake, ndipo wina alibe ufulu womuuza mnzake kuti mpango wakowu ukutanthauza chakuti.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, ndi anzanu a m'mawailesi, ndi laling'ono. Mukamalemba za ndale tchulani chipani ndi dzina lake. Chili nalo, chinalembetsa kuboma. Mukamati "abuluu achita zakuti, achikasu ayankha, ofiira akwiya," mukuthandiza kukhomerera chikwangwani chija, ndipo amene amalipira ndi ife a pakhonde pamodzi ndi akwati athu. Mawu athu akalenso muziwagwiritsa ntchito. Ana anga a sukulu amadziwa yelo koma chikasu amachimva ngati dzina la matenda basi, bafuta ndi biriwita ndiye sanazimvepo n'komwe. Kwa amayi anzanga, mwana akabwera kosewera ali fumbi lokhalokha, tiyeni tizimuuza kuti ali ndi litsiro, akasambe. Liwu lakuti wada tilisungire mtambo wa mvula. Kwa ankhoswe ndi amalume, inu ntchito yanu ndi kufunsa ngati mnyamata ali ndi khalidwe ndiponso ngati mtsikana wavomera ndi mtima wake. Za nsalu tisiyireni ife.

Chinkhoswe chija chinachitika ndithu. Akuchikazi anavala pinki, amene ndinamusoka usiku ndi usana masiku anayi, ndipo malume aja ndinawaona akuvina patsogolo pa onse, ndalama zili m'manja. Chisankho chinadutsa pa 16 Seputembala 2025, zikwangwani zinasuluka pamitengo, ndipo zitenje za misonkhano zija, za zipani zonse, ndikuziona tsopano zikubereka ana kumsana ndi kufunditsa tomato pamsika, nkhope za atsogoleri zitazondoka. Madiresi awiri ndinadula aja ndawamaliza sabata yathayi. Limodzi ndalichepetsa kuti likwane mdzukulu wanga wolowetsa ulusi uja, amene ndi wakuda bii ngati agogo ake ndipo walikonda. Linalo ndi langa. Mamita otsalawo ndisoka makatani a pabalaza. Loweruka likubwerali tonse awiri tivala, tikwera minibasi ya ku Limbe kukagula layiningi, ndipo mpango wa pakaunjika uja ndautulutsanso m'chikwama, ndausita.

Ine wanu,

Mayi telala,
Ndirande, Blantyre